Mkwerekwere wa ku Chonde

Ndinachoka ku Chonde mvula itangoyamba, minda ya tiyi ili biriwiri mpaka kutsinde kwa phiri. Ndinali nditathyola tiyi zaka zambiri, koma mwamuna wanga atamwalira anatiuza kuti tituluke m'nyumba ya kampani chifukwa inali m'dzina lake. Ana anga awiri ndinakawasiya kwa amayi. Chimene ndinatsala nacho ndi luso losoka limene ndinaphunzira ku gulu la amayi a kutchalitchi, ndiye mnzanga wina atandiuza kuti ku Joni kuli mafakitale osoka amene safunsa zambiri, sindinaganize kawiri.

Achimwene anga a Daisoni ndi amene anandiperekeza pasiteji. Nthawi imeneyo anali munthu wansangala, ali ndi okala yawo pafupi ndi msika. Anandikwezera chikwama m'minibasi n'kunena kuti, "Chemwali, usakakhale mtchona. Kwanu ndi kuno."

Za ulendo sindikumbuka zambiri. Ndimakumbuka kutentha kwa ku Tete, mapazi otupa, ndi mizere ya pamalire imene tinaima mpaka dzuwa kupendeka. Masiku amene anandidindira m'pasipoti anali ochepa, ndipo anatha ndisanazolowere n'komwe mphepo ya kumeneko.

Fakitale inali m'tauni ina yozizira, kumtunda kwa Durban. Tinkasoka maovolosi ndi mayunifomu a sukulu. Makina ankalira kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo fumbi la nsalu linkakhala kukhosi moti ukatsokomola malovu ankatuluka abuluu. Ife alendo tinkagona kuseri kwa fakitale, anthu anayi chipinda chimodzi, pamatiresi amene tinasoka tokha ndi zidutswa za nsalu. Munali Asotho, munali a ku Zimbabwe, Mmalawi ndinali ndekha. Mwezi ukatha ndinkapereka kangachepe kwa dalaivala wa basi ya ku Blantyre kuti akasiyire amayi. Zina zinkadyetsa ana, zina amayi ankagulira njerwa ndi malata, chifukwa ndinkafuna ndikadzabwerera ndidzapeze kasitolo m'mbali mwa msewu.

Kutsogolo kwanga pamzere kunkakhala mayi wina dzina lake Nomvula, mwini dziko, wamkulu thupi, amene antchito anamusankha kuti aziwalankhulira kwa bwana. Iye ankasoka makolala, ine matumba. Tsiku loyamba anatembenuka n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Uli ndi mapepala?"

"Eya."

"Ukunama," anatero, n'kupitiriza kusoka.

Nomvula sankabisa zakukhosi. Tsiku lina tikudya anandiuza pamaso pa anthu kuti, "Sisi, akanafunsa ine, iwe sukanabwera kuno. Mwana wanga anamaliza sukulu, akungokhala pakhomo. Bwana amakukondani inu chifukwa simudandaula, ndiye malipiro athu sakwera."

Koma tsiku limene singano ya makina inandiboola chala n'kuthyokera m'kati, ndi Nomvula yemweyo amene anandigwira dzanja kupita nane kuchipatala. Mlembi wa pawindo atayamba kufunsa za chiphaso, Nomvula anamenya patebulo. "Yambani mwachotsa singano. Mapepala mufunse munthu atasiya kutuluka magazi." Ndinalephera kumumvetsa mayi ameneyu.

Dziko lake ankalikonda koopsa. Masiku a chikondwerero ankavala duku la mbendera, ndipo makina akazima magetsi atathima ankayambitsa nyimbo za nthawi ya nkhondo yawo yolimbana ndi tsankho la azungu. Anzake ankavomera mpaka denga kunjenjemera. Anandiuza kuti mchimwene wake anawomberedwa ndi apolisi m'masiku amenewo, ali ndi mwala m'manja.

Mavuto anayamba ngati nkhani ya kutali. Tinkamva pawailesi kuti m'mizinda ina akuthamangitsa alendo. Kenako tinamva kuti ku lokeshoni ya pafupi awotcha sitolo ya Msomali. Ankati anthu akukuimitsa pamsewu, kukuloza chigongono n'kufunsa kuti chimatchedwa chiyani m'Chizulu. Ukalephera, ndiwe mkwerekwere, dzina lachipongwe limene amatchulira alendo. Ine mawuwo ndinawaloweza, koma lilime langa linali la ku Mulanje, aliyense akanandizindikira. Ndinalongedza kachikwama, muli pasipoti yakutha ija ndi chithunzi cha ana, n'kumakaika pansi pa makina tsiku lililonse.

Tsiku lina othamangitsa alendo aja anabwera cha m'ma teni koloko m'mawa. Choyamba tinamva nyimbo, ndipo inali imodzi mwa nyimbo zimene Nomvula ankakonda. Makina anasiya kulira amodziamodzi. Bwana anatulukira geti la kuseri ndi galimoto yake osatiuza kanthu.

Nomvula anaimirira. "Alendo nonse, m'chipinda chodulira nsalu. Msanga!"

Tinali asanu ndi awiri. Anatikankhira kuseri kwa mipukutu ya nsalu n'kutiunjikira zidutswa pamwamba. Ine nkhope yanga inali pakhoma la malata pamene panali kabowo ka msomali, ndiye geti ndinkaliona. Kunja kunali anthu ambiri, amuna ndi akazi omwe, ali ndi zibonga ndi zikwanje. Mmodzi ankagubuduza tayala, wina ali ndi chigubu cha petulo.

Nomvula anatuluka ndi azimayi ena atatu n'kukaima m'kati mwa geti. Bambo wina wa malaya ofiira anagwedeza getilo.

"Tsegula, mama. Tikufuna makwerekwere. Dziko lino ndi lathu!"

"Ndi lathu, eya," anatero Nomvula. "Akukana ndani? Mchimwene wanga ali m'manda chifukwa cha dziko lino. Anafera kuti munthu asadzaimitsidwenso pamsewu n'kufunsidwa chiphaso ngati galu wosokera. Lero woimitsa anthu ndiwe?"

"Akutilanda ntchito!"

"Ndikudziwa. Ine ndiye ndimanena zimenezo tsiku lililonse muno. Ngati alibe mapepala, kuli boma limene tinasankha tokha, kuli makhoti. Tiyeni kumeneko, ine ndikhala kutsogolo. Koma tayala limenelo sililowa muno."

"Wagulidwa iwe!"

Mwala unachokera kumbuyo kwa gulu n'kumumenya pakamwa. Ndinamuona akudzandira, n'kugwira waya wa geti ndi manja onse awiri. Magazi anayenderera pa epuloni yake, koma sanachoke. Azimayi atatu aja anamuyandikira n'kukolekana naye mikono.

Sindinganame kuti mawu ake ndi amene anawabweza. Wina anakuwa kuti kumunsi kwa msewu athyola sitolo ya zakudya, ndipo gulu lonse linathamangira kumeneko. Wa malaya ofiira uja anatsala pang'ono, kenako analavula pansi n'kutsatira anzake.

Titatuluka m'nsalu muja ndinapeza Nomvula atakhala pampando wake, atagwira chidutswa cha ovolosi pakamwa. Dzino limodzi linali litathyoka. Ndinagwada kuti ndimuthokoze, koma anandikweza ndi dzanja.

"Usandigwadire. Sindinachitire iwe wekha. Ndimachita manyazi dziko langa likamachita zimenezi. Ndipo maganizo anga sanasinthe, sisi. Upite kwanu ukakonze mapepala."

"Nanga bwanji munandibisa?"

"Pakhomo panga ndimasankha ndine woti alowe," anatero movutikira, mlomo utatupa. "Koma munthu amene ali kale m'nyumba sindingamuotche."

Ndinakhalanso kumeneko nyengo zozizira ziwiri. Kachikwama kaja sindinakamasulenso. Ndikamva anthu akuimba pamsewu, ngakhale atakhala a ukwati, ndinkathamangira kukatenga kachikwamako. Amayi atatumiza uthenga kuti kasitolo katha, ndinatsanzika. Nomvula anandipatsa sizasi yake yodulira makolala, n'kundiuza kuti ndisadzabwerenso chozemba.

Kumudzi ndinapeza zinthu zitasintha. Mwana wanga wamkazi anali atatalika kundiposa, ndipo akati "amayi" ankatanthauza agogo ake. Amayi anali atapindika msana. Kasitolo kanalipo ndithu, ka njerwa zootcha, ka khonde lotakasuka. Poti ine kunalibe, amayi analowetsamo banja lina la ku Burundi, a Emanuweli ndi akazi awo mayi Odeta, amene ankagulitsamo sopo, mchere, shuga ndi mafuta ophikira.

Amene anasintha kwambiri ndi achimwene a Daisoni. Okala yawo inali itatsekedwa. Anali ataonda, kuseka atasiya, ndipo anali atalowa m'komiti ya pamsika. Tsiku lachitatu ndithu anabwera kunyumba kwa amayi, osakhala pansi n'komwe.

"Anthu aja uwatulutse."

"Alakwa chiyani, achimwene?"

"Ukufunsa? Amatsegula tambala asanatsike, mitengo amatsitsa dala, katundu amakapikula pagulu ku Limbe. Ife tingapikisane nawo bwanji? Okala zingati zatsekedwa pano? Ana anga akudya kamodzi patsiku m'dziko lawo lomwe. Ife tizivota, ife tizikwirira abale athu m'nthaka ino, koma olemera akhale obwera?"

Sankanama. Ana awo ndinawaona, tsitsi lofiirira. Usiku ndi usana nkhaniyi inkandizungulira m'mutu, chifukwa a Daisoni ndi magazi anga, ndipo kasitoloko ndinakavutikira kuti kathandize banja lathu. Ndinatsala pang'ono kuvomera.

Ndinapita kukaonana ndi a Emanuweli. Anali munthu wamtali, wolankhula motsitsa, Chichewa chake chopindika koma chomveka. Anandilandira ndi ulemu wonse, koma maso awo ankangoyang'ana kumsewu. Ndikuwerama kuti ndione ngati simenti ya pansi inagwira, ndinaona kuseri kwa kauntala kachikwama kotseka bwino, pamwamba pake pali buku la nyimbo za kutchalitchi ndi nsapato za mayi Odeta. Sindinafunse kuti n'ka chiyani. Ndinangowauza kuti apitirize malonda, ine ndiika makina anga osokera pakhonde ndizisokera pamenepo.

Achimwene atamva anasiya kundipatsa moni.

Patapita milungu ingapo kunabwera mphekesera yakuti m'maboma ena anthu athamangitsa Maburundi onse, ndiye a ku Chonde tikudikira chiyani. Linali tsiku la msika, dzuwa litakwera pang'ono. Ndinali pakhonde ndikupinda siketi ya yunifomu pamene ndinaona azimayi ogulitsa nthochi m'mbali mwa msewu akunyamula madengu awo mofulumira. Kenako ndinamva phokoso likuchokera kumsika, likhweru ndi kukuwa.

"Lowani m'kati, tsekani," ndinauza a Emanuweli. Mayi Odeta anali atanyamula kale kachikwama kaja. Ndinamva akukoka chitsulo cha chitseko kumbuyo kwanga.

Ndinkafuna kuthawa. Ndinene zoona, ndinayang'ana kanjira ka kuseri kopita kumunda wa chinangwa, ndipo mwendo umodzi unali utatsika kale pakhonde. Koma anthu anali atafika. Ambiri ndinkawadziwa. Ena tinathyola nawo tiyi, wina tinkaimba naye kwaya. Mnyamata wa kabaza anali ndi botolo la petulo. Kutsogolo kunali achimwene a Daisoni.

Ndinabwerera n'kuima pachitseko.

"Choka apo, chemwali."

"Sindichoka, achimwene."

"Sitikufuna iwe. Tikufuna atuluke, azipita kwawo. Malawi ndi wa Amalawi."

"Ndi wa Amalawi, eya. Nanga petulo ndi wa chiyani?"

Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Musiyeni ameneyo, si Mmalawinso! Ndi mkwerekwere wa ku Joni!" Anthu anaseka. Kuseka kumeneko kunandichotsa mantha n'kundipatsa mkwiyo.

"Ku Joni ndinagona pansi pa nsalu anthu akundisaka ndi tayala chifukwa ndine Mmalawi," ndinatero. "Zaka zonsezo ndinkati ndikamva munthu akulankhula Chichewa pasiteji, misozi inkatuluka yokha. Musandiphunzitse kukonda Malawi. Ndinabwerera kuno chifukwa ndinkati kwathu zimenezi kulibe."

"Zako za ku Joni zisiye ku Joni," anatero achimwene.

"Chabwino, tikambe za pa Chonde pano. Achimwene, si inu amene anakubwezani pageti la msika uwu, thumba la nandolo lili pamutu, chifukwa munalibe khadi la chipani? Munafika kunyumba mukulira ndi ukali. Si inu amene munayenda wapansi kukavotera matipate, mukuti munthu aliyense azikhala mwaufulu? Ufulu umenewo unali wa anthu kapena wa banja lathu lokha?"

"Unali wa eni dziko!"

"Agogo athu anawoloka Ruo ndi mtolo pamutu kuthawa Apwitikizi. Anafika kuno alibe pepala, akutchedwa mayina achipongwe. Theka la anthu mwaima apa ndi choncho. Akanawalandira ndi petulo, inu mukanabadwira kuti?"

Ena anayang'ana pansi, koma ambiri anayamba kukuwa kuti ndikuwachedwetsa. Ndinakweza mawu. "Ngati anthuwa alibe chilolezo, tiyeni ku boma tikanene. Mukafuna lamulo loti malonda aang'ono akhale a Amalawi, kauzeni amene munawavotera. Koma m'katimu muli anthu awiri amoyo."

Sindinaone amene anaponya. Mwala woyamba unamenya makina anga n'kuthyola gudumu. Wachiwiri unandipeza pamwamba pa diso. Ndinakhala pansi mosafuna, nsana utatsamira chitseko, ndipo nditaika dzanja kumaso linabwera lofiira. M'kati mayi Odeta ankapemphera mokweza m'chinenero chawo.

Achimwene anandiyang'ana, kenako anatembenukira gulu.

"Waponya ndani?"

Anthu anangoyang'anana.

"Ndikuti waponya ndani? Ameneyu ndi mlongo wanga!"

Anakwera pakhonde, n'kulanda botolo la petulo kwa wa kabaza uja amene anali atayandikira, n'kulitaya m'ngalande. Pamenepo gulu linagawikana. Ena ankati a Daisoni atigulitsa, ena ankati zafika poipa, mwazi wa mwana wa pamudzi watuluka. Akukangana choncho galimoto ya apolisi inatulukira, ndipo anthu anabalalika ngati sanali limodzi. Achimwene anandimanga kumutu ndi siketi ya yunifomu ija n'kuchoka.

Ndikanakonda ndikananena kuti a Emanuweli alipobe. Patangotha milungu iwiri anabwera kunyumba kudzapereka makiyi. Ndinawachonderera kuti akhale, zinthu zazizira.

"Mayi, mwatichitira zazikulu," anatero. "Koma simudzakhala pakhonde tsiku lililonse."

Anakweza katundu wawo pa lole m'mawa wake. Mayi Odeta anandikumbatira. Kumene anapita sindikudziwa. Kasitolo kanakhala kotseka. Achimwene sanakapemphe, inenso sindinawapatse. Tikakumana panjira aliyense ankayang'ana kwake, ndipo ku tchalitchi anthu ena anasiya kukhala nane benchi imodzi.

Chaka chotsatira amayi anadwala kwambiri n'kugonekedwa ku chipatala cha Mulanje Mission. Odikirira tinali awiri, ine ndi achimwene, chifukwa panalibenso wina. Masiku anayi tinkasinthana osalankhulana. Iwo akabweretsa nkhuni ankangozisiya pakhomo la khitchini ya odikirira odwala, ine ndikaphika phala ndinkangoliika pamene angalione.

Tsiku lachisanu masana ndinali pansi pa mtengo ndikuchapa nsalu za amayi m'beseni. Achimwene anabwera n'kukhala pamuzu, patali pang'ono. Anakhala nthawi yaitali akuthyolathyola kamtengo.

"Tsiku lija ndikanapanda kuona magazi ako, sitolo ija ikanapsa," anatero, osandiyang'ana.

"Ndikudziwa."

"Ndi anthu ali momwemo."

"Ndikudziwa, achimwene."

Anapuma mozama. "Ndimalota zimenezo. Koma usaganize kuti ndasintha. Malonda aang'ono akhale a eni dziko. Ndidzanena zimenezo pamsonkhano uliwonse mpaka amve."

"Kaneneni. Mwina tsiku lina ndidzakuomberani m'manja, chifukwa njala ya ana anu ndinaiona. Koma mukadzabweranso ndi petulo, kaya ndi pa sitolo ya ndani, mudzandipeza pakhomo."

Anandiyang'ana koyamba chichitikire zija. Maso awo anakhala pachipsera cha pamwamba pa diso langa.

"Iwe ndi wouma mutu kuyambira uli mwana," anatero.

Ndisanayankhe, namwino anatulukira pakhonde la wodi n'kuitana kuti odikirira agogo a pabedi la pakona abwere adzawatembenuze. Tinaimirira tonse awiri. Ndinapukuta manja pachitenje, tinalowa. Achimwene anagwira kumapewa, ine ndinagwira kumiyendo, ndipo anawerenga motsitsa kuti tinyamulire pamodzi.